Mmene mungapangire kachitseko kolimba ka chitsulo pansi pa galimoto

Eni mapikapu amene mumatuta nsomba ku Makanjira, ku Malembo kapena ku Monkey Bay mukudziwa mmene zimawawira pampu ya mu thanki ikafa kapena geji ya mafuta ikasiya kuwerenga. Kachinthu kake nkokwana m'manja koma kuti mukakafike ndiye mutsitse thanki yonse, apo ayi mumasule bodi muitane anyamata akunyamulireni, tsiku lonse lapita. Ngakhale madizilo akale aja omwe alibe pampu mu thanki, kafuloti ka geji ndi paipi yokoka mafuta zili pamwamba pa thanki pomwepo. Chimodzimodzi inu amene munachotsa pansi powola nkuwotcherera pleti imodzi yaikulu, mawa lake mupeza kuti bawuti ya pamwamba pa giyabokosi kapena ya shoko mwaitsekera. Mankhwala ake nkachitseko komasula ndi sipanala.

Ambiri amangodula bowo ndi galayinda, kuikapo kapleti, masikuluwu anayi a denga, basi ati ntchito yatha. Pakapita miyezi ingapo m'makona mwayamba ming'alu, masikuluwu akungozungulira osagwira, mkati fumbi lili koboo. Ena poopa zimenezo amathamangira pleti yokhuthala ya 4mm kapena 5mm poganiza kuti kulimba kuli pa chivundikiro. Kulimba kuli pa felemu yomwe mwazunguliza m'mbali mwa bowo achimwene, chifukwa mukadula pansi pa galimoto mwachotsa mphamvu pamenepo ndipo imene ibweze mphamvuyo ndi felemu. Nde nthawi yambiri tiithera pamenepo.

Choyamba lowani kunsi ndi tochi muone bwinobwino musanagwire chida chilichonse. Komanso yambani mwanyamula mpando wakumbuyo ndi kapeti, chifukwa magalimoto ang'onoang'ono ambiri a Toyota amabwera kale ndi kachitseko ka pampu pansi pa mpando, musadzaboole pachabe. Kunsiko mukufuna kuona zitsulo zopingasa zomwe zanyamula pansi pa galimoto, mapaipi a mabuleki, mapaipi a mafuta, kebulo ya handibuleki ndi mawaya opita ku magetsi akumbuyo. Chitsulo chopingasa sitidula, zivute zitani. Ngati chadutsa pakati penipeni pa malo omwe mumafuna, sunthani bowo kapena lichepetseni. Pamene pamangidwa mpando kapena lamba wa pampando pasiyeni patali, masentimita 10 kapena kuposa.

Muonenso mtundu wa galimoto yanu. Hilux, Hardbody ndi Land Cruiser zili ndi chasisi payokha ndipo bodi imangokhala pamwamba, nde kabowo ka 25cm pa bodi sikasokoneza msana wa galimoto. Koma Probox, Sienta ndi ena otere alibe chasisi yapadera, pansi pomwepo ndi mbali ya mafupa a galimoto, choncho apo bowo likhale laling'ono kwambiri mmene mungathere ndipo felemu isachite kufunsa, njokakamiza.

Tsopano nkhani ya thanki, iyi ndiye musaiphonye. Tsitsani thanki kaye. Ndikudziwa zikumveka zoseketsa kuti tikupanga kachitseko kuti tisamatsitse thanki koma tikuyamba nkuitsitsa, eya, kamodzi kokhaka basi. Pakati pa bodi ndi thanki pamakhala kampata kochepa, nthawi zina zala ziwiri zokha, disiki ikangolowa mopitirira yadula paipi kapena thanki imene ndipo masipaki ali pompo. Musanamizidwe ndi zoti mulibe mafuta, thanki yopanda kanthu ndi imene ili yoopsa kwambiri chifukwa chimaphulika ndi mpweya wa petulo womwe wadzaza mkatimo. Mukaitsitsa ikaikeni kutali pamthunzi, mapaipi omwe atsala pa galimoto muwatseke kukamwa ndi bawuti kapena muwakulunge, musiye mphepo ipite kanthawi. Chotsani waya wa negetivu pa batire. Kapeti, siponji ndi phula lakuda lija lomwe amamata pansi lichoke kuzungulira malo onse, ndipo ndowa ya mchenga ndi ya madzi zikhale pafupi, mchenga kuno sitisowa.

Musanaitsitse thankiyo chongani malo. Kunsi yezani kuchoka pa chinthu chomwe chikuoneka mbali zonse ziwiri, monga bawuti yomangira bodi, kufika pakati pa chivundikiro cha pampu, kenako mukayeze chimodzimodzi pamwamba nkulemba ndi choko. Thanki ikachoka boolani kabowo ka 3mm pakatipo kuti mutsimikize pamwamba ndi pansi zikugwirizana. Sayizi ya bowo musayeze pampu yokha, muwerengerenso manja anu, sipanala, ndi mapaipi omwe amatuluka cham'mbali, apo ayi mudzakhala ndi kachitseko koonera pampu koma osatha kuitulutsa. Onjezani 3cm kapena 4cm mbali iliyonse, nthawi zambiri zimathera pa 20cm kufika 25cm mbali zonse. Dulani katoni ya sayizi imeneyo, yesani kulowetsa dzanja muli ndi sipanala, mukakhutira jambulani pa chitsulo. Katoniyo musataye, igwiranso ntchito pa felemu ndi pa labala.

Podula yambani ndi makona. Menyani panchi nkuboola bowo la 10mm kapena 12mm pa kona iliyonse, mkati mwa mzere, kenako disiki izingolumikiza mabowowo. Chifukwa chake nchakuti kona yosongoka ndi pamene mng'alu umayambira, galimoto ikamagwedezeka pa mabampu a msewu wa ku Makanjira mphamvu yonse imasonkhana pansonga ija, pamene kona yozungulira imaimwaza. Disiki ikhale yopyapyala ya 1mm pa galayinda yaing'ono ya 115mm, osati yokhuthala yopalira ija, ndipo musakanikize, muzingoyendetsa pang'onopang'ono ikudya yokha. Amene muli ndi jigsaw ya mpeni wa chitsulo bola kwambiri, masipaki kulibe. Magalasi a m'maso valani, ndipo magalasi a galimoto aphimbeni ndi katoni chifukwa masipaki amakamirira pa galasi osachokanso. Mukatha pitani ndi tupa m'mbali monse mpaka chala chizidutsa osachekeka, kenako palani penti 3cm kuzungulira, pamwamba ndi pansi, chitsulo chiwale.

Kachidutswa komwe mwadulako sungani, makamaka ngati bodi yanu ili ya mizeremizere.

Felemu tsopano. Gulani flat bar, chitsulo chachitali chaphwathalala chija, ya 30mm mulifupi ndi 3mm kukhuthala, ya 25mm imathekanso koma malo a manati amachepa. Mu mahadiweya a pa boma imapezeka, kapena pitani kwa owotcherera mafelemu a zitseko ndi mawindo akugulitseni zotsala, mita imodzi ndi theka yakwana. Pali njira ziwiri zoikira. Yoyamba felemu imakhala kunsi, theka la mulifupi mwake labisala pansi pa chitsulo cha galimoto, theka linalo latulukira mkati mwa bowo kupanga kashelefu, chivundikiro nkumakhala pa kashelefuko molingana ndi pansi ponse. Yachiwiri felemu yonse imabisala kunsi m'mphepete mwa bowo, chivundikiro nkukhala chachikulu kuposa bowo ndi 3cm mbali iliyonse, chogona pamwamba, mabawuti nkumadutsa chivundikiro, pansi pa galimoto ndi felemu zonse zitatu pamodzi.

Ineyo kumbuyo kwa pikapu ya nsomba ndimakonda yachiwiriyi. Yoyamba imaoneka bwino inde, ndipo mkati mwa galimoto pansi pa kapeti ndi imene ndingaike, koma imasiya kangalande kuzungulira chivundikiro ndipo madzi a ayezi osakanikirana ndi magazi ndi mamba a chambo amakhazikika mommo, nyengo imodzi dzimbiri layamba. Yogona pamwamba madzi amangoizungulira, vuto lake nkukola matumba ndi mabokosi pokoka, koma mukapala m'mphepete mwake mopendeketsa nkuika mabawuti a mutu wozungulira vutolo limachepa. Pokhapokha ngati bodi ili ya mizere yozama, apo njira yoyamba ndi imene imaphweka chifukwa chivundikiro ndi kachidutswa komwe munadula kaja, mizere imagwirizana yokha. Kungoti mbali ziwiri zomwe zadula mizere mopingasa felemu imangokhudza m'zigwa, pansi pa mitunda pamatsala mapanga, nde mudule tizidutswa ta flat bar toti tilowe m'mapangamo, muwotcherere pa felemu, zotsalazo mudzatseke ndi seam sealer, phala lomata lotsekera mipata pomwe zitsulo zakumana. Ndi ntchito yotopetsa koma mukaidumpha fumbi ndi madzi zilowera pomwepo.

Felemuyo ipangireni pansi pa tebulo yachitsulo kapena pa pleti yosalala, osati pa galimoto. Dulani zidutswa zinayi makona a madigiri 45, yalani pa katoni ija, gwirani ndi makilampu, wotchererani kadontho kamodzi pa kona iliyonse, kenako yezani kuchoka kona kufika kona yopingasana nayo mbali zonse ziwiri. Miyezo iwiriyo ikafanana felemu ili sikweya, ikasiyana igogodeni ndi nyundo mpaka ifanane, mukatero wotchererani zonse nkupala mbali yapamwamba isalale chifukwa ndi imene ikagone pa chitsulo.

Chivundikiro dulani pa pleti ya 1.6mm ngati chili mkati mwa galimoto, ya 2mm ngati chili pa bodi popondedwa ndi poikidwa katundu. Chitseko chakale cha galimoto kapena boneti musatengeko, nzopyapyala zosafika ndi 1mm yomwe. Kuti pleti yopyapyala isamabonyoke siifuna kukhuthala, imafuna mizere, taonani lata la pa denga ndi lopyapyala zedi koma chifukwa cha mizere ija munthu amayendapo. Njira yosafuna makina ndi iyi, tengani thabwa lolimba mugobe kangalande, goneketsani pleti pamwamba, ikani chitsulo chozungulira cha 8mm kapena 10mm motsata kangalandeko nkumenya ndi nyundo yaikulu kuyambira uku mpaka uko. Mizere iwiri yopingasana kapena itatu yotsatana yakwana, koma isafike m'mphepete, siyani 4cm yosalala pogona labala. Pleti ikapotoka itembenuzeni muiwongole ndi nyundo yamtengo. Ngati mumakweza madilamu kapena injini za maboti, wotchererani kunsi kwa chivundikiro kaangelo (angle iron) ka 20mm kopingasa, kafupi koti kalowe m'bowo, koma muyambe mwaona kuti sikakagunda mapaipi a pampu.

Mabowo a mabawuti boolani chivundikiro ndi felemu zili zomangidwa pamodzi ndi makilampu, mukaboola chilichonse pachokha sizidzakumana ndipo mudzayamba kukuza mabowo ndi tupa. Mabawuti a M6 akwana, ndi omwe amamasuka ndi sipanala ya 10 yomwe dalaivala aliyense ali nayo, dilu yake 6.5mm. Ikani imodzi pafupi ndi kona iliyonse ndi ina pakati, kutalikirana kusapitirire 8cm kapena 10cm, pa kachitseko ka 25cm ndiye mabawuti 12. Anayi okha sakwana, pakati pamadzuka labala osapanikizika. Muike kachizindikiro ka panchi mbali yakutsogolo pa zonse ziwiri kuti musamazunguzike pobwezera.

Manati awotchererani kunsi kwa felemu, apa ndi pamene kachitseko kamasanduka ka munthu mmodzi, osafunanso wina wogona kunsi kugwira nati. Lowetsani bawuti, mangani nati mpaka igone bwino pa felemu, wotchererani timadontho mbali ziwiri kapena zitatu, musazungulize yonse ayi chifukwa imapsa mazinga nkupotoka. Bawutiyo imasuleni isanazizire kwenikweni, ndipo gwiritsani mabawuti achabe pa ntchito imeneyi, abwino aja asunge. Nati iliyonse muiyese ndi bawuti yatsopano pamanja, yolimba idutseni ndi tap ya M6, kachida kogobera mazinga. Ngati mungapeze ma rivnut a M6, manati omwe amafinyidwira m'bowo ngati rivet, amathandizanso, bowo lake ndi 9mm, koma pa galimoto ya madzi a nsomba akachita dzimbiri amayamba kuzungulira limodzi ndi bawuti, ine nati yowotcherera ndimaikhulupirira kuposa.

Kumangirira felemu pa galimoto ndi pamene ambiri amaboola mabowo osafuna, poti chitsulo cha pansi chimakhala cha 1mm kapena kuchepera apo pamene makina ambiri kuno ndi a ma rodi. Musayese kuyendetsa mzere wautali. Boolani mabowo a 8mm pa chitsulo cha galimoto kuzungulira bowo lalikulu, motalikirana 5cm, osagundana ndi a mabawuti. Pakani zinc primer pa nkhope ziwiri zomwe zikukagonana, kanikizani felemu kunsi ndi makilampu igwirane ndi chitsulo popanda mpata, palani penti pakati pa kabowo kalikonse, kenako yatsani rodi pa flat bar yokhuthala ija pakati pa kabowo nkuzungulira kutulukira kunja mpaka kabowo kadzaze. Moto uyambire pa chokhuthala nthawi zonse. Rodi ya 6013 ya 2mm pa ma amps a m'ma 50 imachita bwino, ya 2.5mm imathekanso mukatsitsa moto koma dzanja lifulumire. Yesani kaye pa zotsala. Dontho limodzi kutsogolo, lina kumbuyo, lina kumanzere, muzidumphadumpha choncho nkumadikira pazizire mpaka dzanja lizitha kukhudza, mukapanga motsatana pansi ponse pafufuma. Waya wa ethi mumange pafupi ndi pomwe mukuwotcherera, pa chitsulo chopala, moto usamayende galimoto yonse kudutsa mu mabering'i ndi mawaya, ndipo pa galimoto za kompyuta batire ikhale yochotsa ndithu.

Magetsi akakhala kuti athima kapena dzanja lanu pa chitsulo chopyapyala simukulikhulupirira, felemu itha kugwidwa ndi ma rivet achitsulo a 4.8mm motalikirana 4cm, mutapaka seam sealer pakati. Pa bodi ya pikapu zimagwira bwinobwino. Pa galimoto yopanda chasisi pitani nayo kwa amene ali ndi makina a MIG kapena a gasi.

Mawu pang'ono pa zitsulo zina. Pleti ya galvanised siichita dzimbiri msanga koma utsi wake woyera uja powotcherera umadwalitsa, usiku mumva kuzizidwa ndi mutu, nde palani zinki pamalo powotcherera ndipo muchitire panja mphepo ikuchoka kwa inu. Checker plate ya aluminiyamu imakongola koma ikagona pa chitsulo pali chinyezi imadyeka nkutuluka ufa woyera, ngati mwaikonda pakhale labala ndi penti pakati.

Labala wotsekera dulani ku chubu chakale cha tayala la lole, kapena labala wa siponji wa 3mm ngati mwaupeza. Akhale chidutswa chimodzi chozungulira chopanda polumikiza, mulifupi 2.5cm, mabowo muboole ndi kapaipi konola kukamwa, osati ndi mpeni chifukwa pong'ambika pamapitirira. Mumateni ndi guluu ku chivundikiro kokha kuti azichoka nacho limodzi. Silikoni wa m'bafa uja wonunkha vinega musamuyandikize, asidi wake amayambitsa dzimbiri pa chitsulo, komanso mukamata naye chivundikiro tsiku lomasula mudzachita kutema ndi tchizulo. Kunsi, pomwe felemu yakumana ndi pansi pa galimoto, zungulizani seam sealer ndi chala mbali zonse. Kutseka kumeneku si nkhani ya fumbi lokha ayi, kachitseko kakakhala mkati mokhala anthu kampata kalikonse kamakoka utsi wa ekizosi, ndipo mpweya woopsa wa mu utsimo, carbon monoxide, sununkha, anthu amangoyamba mutu ndi tulo pa ulendo wa ku Liwonde mawindo ali otseka. Ngati ekizosi ikudutsa pafupi chubu chimauma nkusweka, ikani kalata kotchinga kutentha pakati, kosiya mpata wa chala kuti mphepo izidutsa.

Penti isachedwe, kuno ku nyanja chitsulo chopala chikagona usiku umodzi m'mawa chayamba kufiira. Chotsani makoko a rodi ndi bulashi ya waya, pukutani ndi thinazi, pakani red oxide kawiri, kenako penti ya pamwamba, kunsi mumalize ndi underseal yakuda ija. M'mphepete modulidwa ndi m'kati mwa mabowo a mabawuti ndi momwe dzimbiri limayambira nde lowetsani kabulashi mommo. Miyezi yotentha ngati Okutobala pakani m'mamawa kapena pamthunzi, pa dzuwa la masana penti imauma pamwamba mkati muli mwamadzi nkudzasupuka. Idikireni iume zenizeni musanaike labala apo ayi zimatana.

Pomanga pakani girisi pa mazinga a bawuti iliyonse, ikani wosha, mangani mopingasa pang'onopang'ono mpaka labala angoyamba kufinyika. M6 siifuna mphamvu za pa tayala, mukakoka ndi paipi iduka. Onani kutalika kwa mabawuti musanabweze thanki, 16mm kapena 20mm yakwana, yaitali ikakhudza thanki kapena paipi imakhala ikupala pang'onopang'ono galimoto ikamayenda mpaka kuboola. Thanki ikabwerera tsegulani kachitseko muyese kumasula pampu kudzera pamenepo kuti muone ngati manja akukwana, tsekani, pondanipo ndi mwendo umodzi mumve ngati pakulira kapena kubonyoka, kenako thirani ndowa ya madzi wina ali kunsi ndi tochi. Pakadontha onjezani kumanga bawuti ya pamenepo kapena sinthani labala, musathamangire kumata. Mukayenda sabata imodzi pa msewu wafumbi bwerezani kumanga mabawuti onse chifukwa labala amakhala wakhazikika, ndipo muone m'mphepete, pomwe pali kamzere ka fumbi lofiira ndi pomwe pakupuma. Mvula ikatha tsegulaninso, pukutani, pakani girisi wina, ndipo mabawuti awiri apadera azikhala mu galimoto limodzi ndi sipanala ya 10.